Zengerezu ndi Cholembera Chofiira

Nkhani yomwe idakambidwa pa Chinakanaka, m'boma la Mulanje, kwa aphunzitsi, ophunzira ndi ena okonda kulemba

Mwandiitana kuti ndidzalankhule za mmene munthu angachulukitsire zolemba zake. M'chipinda muno mulibe munthu wosowa chonena. Ndikadati aimike mkono aliyense amene ali ndi kope lomwe adayamba kulembamo nthano, ndakatulo kapena mbiri ya agogo ake n'kulisiyira patsamba lachisanu, mikono ikadachuluka mpaka tonse tikadaseka. Makope amenewo ali m'masutikesi, ena pansi pa matiresi, ena m'jumbo limodzi ndi masatifiketi ndi makadi a kusikelo a ana. Chomwe ndikufuna tisinkhesinkhe lero ndi chifukwa chomwe makopewo amathera patsamba lachisanu.

Yankho lofulumira ndi lakuti nthawi ikusowa. Ena amadzinena okha kuti ndi aulesi. Za ulesizo ine sindizivomera. Mnyamata amene amalawirira kumunda tambala atangolira, n'kudzapalasa kabaza mpaka dzuwa kulowa, si waulesi. Mphunzitsi amene amasenza mulu wa makope a ana kupita nawo kunyumba kukachonga ndi tochi si waulesi. Koma anthu omwewa akakhala pansi kuti alembe zawozawo, pompo amakumbukira kuti nsapato sizidapolishidwe, kuti khola la nkhuku likudontha, kuti pa WhatsApp pali uthenga womwe sadayankhe. Ntchito zomwe akhala akuzithawa sabata yonse zimayamba kukoma. Akatswiri a za maganizo a munthu, monga Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl omwe adalemba za nkhaniyi mu 2013, amati kuzengereza ndi njira yopepukitsira mtima kwa kanthawi. Ntchito ikamakuopsa, ukaikankhira mawa mtima umakhala pansi lero, ndipo kukhala pansi kwa mtimako n'kumene kumakuzoloweretsa kudzachitanso zomwezo mawalo. Makolo adatichenjeza kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, koma sadatiuze chomwe Zengerezuyo ankaopa.

Mlembi amaopa kuti zotsikira papepala zinyozeka poyerekeza ndi zomwe zili m'mutu. M'mutu nthano imakhala yokwana bwino: anthu ake amalankhula mokoma, mathero ake amaliza aliyense. Ukangolemba chiganizo choyamba umaona kuti yafupika. Umafufuta, n'kulembanso, n'kufufutanso. Tsamba likada umaling'amba kuti uyambe pabwino, ndipo kope la masamba 80 limayamba kuonda ndime yoyamba isadathe.

Mantha amenewa tidawatenga m'kalasi. Tonse tidakula tikulandira chimangirizo chathu chili psuu ndi cholembera chofiira: apa wasiya mpumiro, apa mpatuliro wausowetsa malo, apa mawu awiri wawaphatikiza. Aphunzitsi athu ankachita ntchito yawo, ndipo ndikuwalemekeza, ena ali pompano. Koma kusukulu tidaphunziranso chinthu china chomwe palibe adatiuza pakamwa, chakuti kulemba ndi mayeso. Mayeso amalembedwa kamodzi. Belu likalira pepala limapita, ndipo cholakwika chimakhala cholakwika mpaka zotsatira zitatuluka. Munthu wozolowera zimenezi akayamba kulemba buku amayesa kuti chiganizo chilichonse chikangotsika ndiye kuti chapita ku MANEB. Mphunzitsi wa cholembera chofiira uja adatsala kusukulu, koma mthunzi wake tidabwera nawo kunyumba, ndipo umaima kumbuyo kwathu tikangotsegula kope.

Kwathu kuno manthawa ali ndi muzu winanso. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo muyeso wake udatengedwa ku kalankhulidwe ka m'chigawo chapakati. Mwana wa ku Mulanje, amene agogo ake amalankhula Chilomwe, amayi ake Chimang'anja, amene pamsika amamva Chiyao ndi mawu a Chipwitikizi a anzathu ochokera ku Milange, adakula akumva kuti Chichewa chake n'chokhota. Akapita kutauni anzake amamuseka katchulidwe. Akakhala pansi kuti alembe amayamba kusefa liwu lililonse: kodi ili ndi Chichewa chenicheni kapena n'lakwathu? Posefapo amataya mawu omwe akadapatsa nthano yake fungo la kuno, ndipo amatsala ndi Chichewa cha m'chikalata cha boma, chomwe iye mwini sichimukoma. Sichikamukoma amasiya. Ine ndikuti mawu akwanuwo lembani. Agogo a m'nthano yanu akalankhula ngati wowerenga nkhani pawailesi, wowerenga aliyense wa ku Chonde kapena ku Nkando adziwa kuti mukunama.

Kuti muone kumene mtima wofuna zangwiro umafikitsa anthu, tamvani mbiri ya mtanthauziramawu wathu. Mu 1972 boma lidakhazikitsa bungwe la Chichewa Board, ndipo imodzi mwa ntchito zikuluzikulu zomwe lidapatsidwa inali yolemba mtanthauziramawu wa dziko. Bungweli lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Pa wailesi ya MBC anthu ankamvera pologalamu ya Tiphunzitsane Chichewa, yowongola olakwitsa. Pamwamba pa onse panali Dr. Hastings Kamuzu Banda. Iwo ali ku Chicago adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chichewa yomwe idatuluka mu 1937, ndipo ankadziona ngati mlonda wa chiyankhulochi. Akuluakulu muno mukukumbuka momwe ankadzudzulira Chichewa cholakwika pagulu, ngakhale kuti iwo eni ankalankhula Chingerezi wina n'kumamasulira. Bungwe lija lidatha mu 1995, patadutsa zaka zoposa 20, mtanthauziramawu usadatuluke. Udadzatuluka mu 2000 kuchokera ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi, yomwe idalowa m'malo mwa bungwelo.

Sindikunyoza anthu omwe adagwira ntchito kumeneko. Ankachidziwa Chichewa kuposa ine, ndipo ntchito ya mtanthauziramawu ndi yolemetsa kulikonse. Koma tadziikani pampando wawo. Tanthauzo lililonse lomwe mungalembe likhoza kukafika m'maso mwa munthu amene sankatsutsidwa, m'dziko lomwe kuyambira 1968 linali ndi lamulo lounika mabuku ndi masewero asadafike kwa anthu. Pamalo otero tsamba lokhalo lomwe silingakupalamulitse ndi losalembedwa. Umu ndi momwe ine ndimaionera nkhaniyi, ndipo ndi momwenso ndimaonera kope lanu lija. Kusiyana kwake n'kwakuti wokuopsani inuyo ali m'mutu mwanu, ndipo alibe ndende.

Tsopano tibwerere m'mbuyo pang'ono. David Clement Scott, m'busa wa ku Scotland, adafika ku Blantyre Mission mu 1881. Sadaphunzirepo zomangamanga, koma pakati pa 1888 ndi 1891 iye pamodzi ndi amisiri akuno, omwe ankaphunzira ntchito ili m'manja, adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chilipobe mpaka lero. Mu 1892 adatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja, atakhala m'dziko muno zaka 11 zokha. Buku lolembedwa ndi mlendo, womva chiyankhulo ndi makutu achilendo, silikadakhala lopanda zolakwika, ndipo nzeru zambiri za m'menemo zidachokera kwa eni chiyankhulo omwe mayina awo sali pachikuto. Mu 1929 Alexander Hetherwick adalikonza n'kulitulutsanso. Hetherwick adapeza chokonza chifukwa Scott adasiya chinthu chogwirika. Buku Lopatulika nalo, lomwe ambiri timaliyesa muyeso wa Chichewa chozama, lidatuluka lonse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 atalivutikira William Murray ndi anzake kwa zaka pafupifupi 20. Lidakonzedwanso pambuyo pake, ndipo mu 1998 kudabwera Buku Loyera. Ngati omasulira Mawu a Mulungu adalolera kutulutsa ntchito yawo akudziwa kuti ena adzaikonza, nthano yanu ya mtsikana wogulitsa nanazi ikudikira ungwiro wanji?

Chomwe chimatulutsa mabuku m'masutikesi, monga momwe mbiri yathu ikuonetsera, ndi tsiku loikika komanso anthu okudikira. Samuel Josia Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma pamene bungwe la International Institute of African Languages and Cultures linkachititsa mipikisano ya mabuku olembedwa m'ziyankhulo za mu Africa. Adalemba Nthondo, adapambana, ndipo bukulo lidasindikizidwa mu 1933 iye asadakwanitse zaka 30. Chaka chotsatira lidatuluka m'Chingerezi atalimasulira Cullen Young. Mpikisano uli ndi tsiku lotsekera, ndipo tsikulo silifunsa ngati mutu wachitatu wakukhutiritsa. Atatulutsa loyambalo, Nthara adadzalembanso Mbiri ya Achewa ndi mbiri ya mfumu Msyamboza. Buku loyamba ndilo limavuta kutuluka.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda koposa ndi cha Writers Group ya ku Chancellor College, yomwe idayamba mu 1970 koleji ili ku Chichiri, isadasamukire ku Zomba. Ophunzira ndi aphunzitsi ankakumana sabata ndi sabata. Wina ankabweretsa ndakatulo kapena nkhani yake, anzake n'kuiwerenga, n'kuisenda pamaso pake. M'gulu limenelo mudadutsa Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo, Anthony Nazombe ndi ena. Anthuwa ankalemba m'nthawi yomwe mzere umodzi ukadatha kukugonetsa m'ndende, ndipo ena adathawadi m'dziko, ena adamangidwa. Komabe ankalemba, chifukwa sabata ikatha anzawo ankakhala akudikira. Zomwe ankabweretsa pamsonkhano sizinali zomalizidwa, ndipo zikadakhala zomalizidwa msonkhanowo ukadakhala wopanda ntchito. Munthu akazolowera kuonetsa ntchito yaiwisi kwa anzake asanu sabata iliyonse, manyazi amayamba kutha mphamvu. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Mapanje adamangidwa mu Seputembala 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991 osazengedwa mlandu. Kumeneko sankaloledwa kulemba, choncho ndakatulo zambiri ankaziumba m'mutu n'kumazisunga momwemo, ndipo zidadzatuluka mu 1993 m'buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison. Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya adalemba nthano yake yoyamba ya m'Chigikuyu pa mapepala a kuchimbudzi ali m'ndende ya Kamiti mu 1978. Sindikutchula anthuwa kuti muchite manyazi. Ndikuwatchula chifukwa cha mawu omwe ndimawamva kawirikawiri: ndidzayamba ndikadzagula laputopu, ndikadzalowetsa magetsi, ndikadzapuma pantchito, ana akadzakula. Laputopu ndi yabwino, ndipo aliyense ndikumufunira. Koma yemwe sadalembe m'kope sadzalembanso pa laputopu. Adzaoneramo mafilimu.

Nanga tichite bwanji? Choyamba, lekanitsani ntchito ziwiri zomwe kusukulu tidaziphatikiza, kulemba ndi kuchonga. Pa nthawi yolemba, lembani osabwerera m'mbuyo. Liwu likakuthawani siyani mpata, jambulani kamzere, pitirirani. Mukakayika ngati "kumunda" amalemba pamodzi kapena motalikitsa, lembani momwe dzanja lafunira, mudzafunsa aphunzitsi a Chichewa Loweruka. Dzina la munthu wa m'nthano likapanda kubwera mutchuleni Uje mpaka mutu uthe. Lembani tsamba lakumanja lokha, lakumanzere mulisiye loyera kuti mudzakonzerepo. Ndipo musang'ambe tsamba. Chomwe sichikukomani chidutseni ndi mzere umodzi woti mawu azionekabe, pakuti chiganizo chomwe mwachida lero nthawi zina ndi chomwe mudzachifune mwezi wamawa. Cholembera chofiira chili ndi tsiku lake, ndipo tsikulo likafika muchigwiritse ntchito mopanda chisoni. Koma chisakhale patebulo pomwe nthano ikubadwa.

Kenako chepetsani mtolo. Munthu akati lero ndilemba buku, mtima umagwa, chifukwa palibe adalembapo buku tsiku limodzi. Akati lero ndilemba momwe Nambewe adatsikira minibasi pasiteji n'kupeza kuti palibe womuchingamira, imeneyo ndi ntchito yoti ithe madzi a tiyi asadawire kawiri. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tsamba limodzi ndi theka la kope ndi mawu pafupifupi 200. Mukalemba mawu 200 patsiku kwa masiku 150, mwafika mawu 30,000, ndipo nthano zambiri za Chichewa zomwe tidawerenga kusekondale ndi timabuku tating'ono toti n'kulowa m'thumba la jekete. Masiku 150 ndi kuchoka pa mvula yoyamba kufika pokolola. Anthony Trollope wa ku England, yemwe ankagwira ntchito ya boma ya zamtengatenga wa makalata, ankayamba kulemba 5:30 m'mawa wotchi ili patsogolo pake, n'kumadzilamula mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse asadapite kuntchito. Adasiya nthano zazitali 47.

Koma tinene zoona, Trollope anali ndi wantchito womudzutsa n'kumubweretsera khofi. Mayi wa pa Chinakanaka nthawi imeneyo amakhala ali pamjigo, kenako pamoto, kenako kusambitsa ana, ndipo akamafika pokhala pansi maso amakhala akulemera. Ameneyu sakuzengereza, watopa. Abambo ndi achimwene muli muno, ngati m'nyumba mwanu muli mayi kapena mlongo wolemba, mphatso yomwe mungamupatse ndi theka la ola lomwe palibe amuitane. Ndipo nthawi yolembera si ya m'mawa yokha. Wogulitsa pamsika amadziwa maola omwe makasitomala amachepa. Wakabaza amadziwa nthawi yomwe pasiteji pamakhala zii. Mlonda ali ndi usiku wonse. Chofunika n'chakuti nthawiyo ikhale yodziwika, yomangirizidwa ku chinthu chomwe mumachita kale: ndikangotseka okala, ndikangofika m'kalasi ana asadabwere, ndikangomaliza kudya mgonero. Mawu akuti ndikapeza mpata ndi omwe adadzaza masutikesi aja. Foni nayo ikhale m'chipinda china kwa theka la olalo. Ngati mumalembera pafoni pomwepo, zimitsani data.

Kachenjerero kena n'kakuti musamalize zonse zomwe zili m'mutu. Siyirani pomwe mukudziwa chotsatira, ngakhale pakati pa kukambirana kwa anthu awiri. Mawa mukatsegula kope simukumana ndi tsamba loyera, mukumana ndi munthu yemwe wafunsidwa funso ndipo akudikira kuyankha.

Ndikudziwa kuti wina mumtima akuti: kodi bamboyu akutiphunzitsa kuthamanga? Kodi sadaone timabuku todzisindikizira tomwe tadzaza zolakwika, kapena ndakatulo zomwe munthu amalemba m'minibasi n'kuziponya pa Facebook asadatsike? Ndaziona, ndipo zimandiwawa ngati inu. Kufulumira kosasamala kulipo ndipo kukuwononga mbiri ya zolemba za Chichewa. Koma taonani bwino, wothamangayo ndi wozengerezayo akudwala nthenda imodzi. Onse awiri amakhulupirira kuti kulemba n'kamodzi. Wina amalemba kamodzi n'kutulutsa, wina amaopa kamodziko n'kusalemba. Ntchito yeniyeni ili pakati pawo: kulemba koyamba mwachangu, kuika pambali sabata ziwiri kapena mwezi, kuwerenga mokweza mawu kuti khutu ligwire zomwe diso ladumpha, kukonza, kupatsa anzako, kukonzanso. Chichewa ndi chiyankhulo cha khutu. Chiganizo chomwe chikukupunthwitsani lilime mukamawerenga mokweza chidzapunthwitsanso wowerenga.

Ndiye pali funso lovuta: kukonza kumatha liti? Inu a ku Mulanje yankho mumaliona tsiku ndi tsiku. M'nyengo ya mvula wothyola tiyi amabwerera pa tchire lomwelo pakangopita masiku owerengeka, n'kutenga timasamba tiwiri ndi kamphukira. Akati ndidikire kuti tsamba likule bwino, limakhwima, ndipo pasikelo kapitawo amalikana. Zolemba nazo zili ndi nthawi yomwe zimakhala zanthete, ndipo ukapitirira kuzigwiragwira zimauma. Chizindikiro chake n'chosavuta. Mukaona kuti lero mwachotsa mpatuliro womwe mudauika dzulo, ndipo mawa mukuubwezeretsa, ntchito yatha, chatsala ndi mantha. Tumizani. Ralph Ellison wa ku America adatchuka ndi Invisible Man mu 1952. Adakhala zaka pafupifupi 40 akulemba nthano yachiwiri, masamba adapitirira 2,000, ndipo adamwalira mu 1994 isadathe. Ena adachita kusankhamo zigawo n'kuzisindikiza iye atapita. Luso linalipo lochuluka, koma buku loyamba lidamuikira muyeso womwe sadafune kutsikirapo.

Kudekha kwenikweni kuliponso, ndipo tisakusokoneze ndi kuzengereza. Mapanje adatulutsa buku lofotokoza moyo wake wa m'ndende, And Crocodiles Are Hungry at Night, mu 2011, patatha zaka 20 chitulukireni ku Mikuyu. Pali nkhani zomwe mtima umafuna nthawi kuti uzisenze. Koma m'zaka zimenezo iye ankatulutsa mabuku ena. Mukafuna kudziwa ngati mukudekha kapena mukuthawa, musafunse mtima, umanama. Werengani masamba. Ngati mwezi uno alipo ambiri kuposa mwezi watha, kaya ndi a nkhani yomweyo kaya ina, mukudekha.

Chomwe chikundichititsa kulankhula mokakamiza chonchi n'chakuti nkhani za kuno sizidikira. Agogo omwe adamva kwa makolo awo momwe Alomwe adawolokera kuchoka ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya azungu, omwe akudziwa tanthauzo la thangata chifukwa lidadya abambo awo, akutha mmodzimmodzi, ndipo Chilomwe chomwe ankafotokozera zimenezi chikupita nawo. Gule wa Tchopa adalembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, koma ndani mwa ife adakhala pansi ndi woimba ng'oma zake n'kulemba moyo wake? Steve Chimombo adatenga Napolo n'kumusandutsa mutu wa ndakatulo zomwe zawerengedwa kunja kwa dziko lino. Landeg White adalemba mbiri ya Magomero mu 1987. Ife amene timagona m'tsinde mwa phiri la Mulanje, amene tidaona madzi ndi miyala zikutsika ku Phalombe mu 1991, amene mu Marichi 2023 tidakumba matope a namondwe wa Freddy kufunafuna abale athu, talembapo chiyani? Atolankhani adabwera, adajambula, adapita. Momwe mayi adagonera mumtengo ndi mwana kumsana, zomwe anthu ankakambirana m'makalasi momwe adathawira, momwe ufa unkagawidwira ndi mikangano yake, zimenezo zili m'mitu ya anthu a m'boma lino, ndipo chaka chilichonse zikufufutika pang'ono. Amene akudikira kuti adzazilembe bwino akadzakhala katswiri adzapeza mboni zitamwalira. Pitani ndi kope kwa agogo sabata ino. Lembani momwe akulankhulira, Chilomwe chake ndi Chimang'anja chake chomwecho. Kukonza mudzakonza, koma kufunsa kuli ndi malire.

Freddy yemweyo watiphunzitsanso kuti pepala limanyowa. Chinua Achebe adatumiza ku London kope lokhalo la Things Fall Apart, lolembedwa pamanja, kuti akalitayipe. Adalipira, koma kudakhala chete kwa miyezi, mpaka mkulu wake wa kuntchito atapita ku England adakalondola. Bukulo lidatuluka mu 1958, ndipo lero tili nalo m'Chichewa, Chipasupasu, lomasuliridwa ndi Benedicto Wokomaatani Malunga. Likadasowa, sitikadalidziwa. Inu mukamaliza tsamba lijambuleni ndi foni n'kutumizira mnzanu wokhulupirika. Mukatero mwapulumutsa ntchito yanu ku mvula ndi chiswe, komanso mwapeza munthu yemwe azikufunsani kuti tsamba la lero lili kuti.

Kotumiza kulipo, ngakhale sikochuluka momwe tikadafunira. Nyuzipepala za kumapeto kwa sabata zimasindikiza nkhani zazifupi ndi ndakatulo, ndipo zili ndi masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe. Mawailesi ali ndi mapologalamu a ndakatulo. Bungwe la alembi la Malawi Writers Union, lomwe lidayamba mu 1995, lakhala likuchititsa mipikisano. Mkonzi akakana nkhani yanu, kapena akangokhala chete monga amachitira ambiri, musaiyese imfa. Stanley Onjezani Kenani adafika kawiri pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Caine, mu 2008 ndi mu 2012. Mphothoyo sadaitenge, koma nkhani zakezo zidawerengedwa m'maiko ambiri chifukwa zidatumizidwa. Sungani tsamba lakumapeto kwa kope lanu kuti muzilembapo zomwe mwatumiza, kumene mwatumiza ndi tsiku lake. Nkhani ikabwerera, iwerengeninso kamodzi, konzani chomwe chikuoneka, ndipo isagone m'nyumba sabata yathunthu isadapite kwina.

Pempho langa kwa inu omwe mwakonza msonkhano uno ndi ili. Tisabalalike tisadagwirizane tsiku ndi malo. Kalasi imodzi Loweruka masana ndi yokwana, kaya kawiri pamwezi. Anthu asapitirire khumi, akachuluka agawikane, chifukwa pagulu lalikulu amanyazi amabisala. Musayambe ndi kusankha wapampando, mlembi, msungichuma ndi kulemba malamulo a bungwe, pakuti magulu ambiri a alembi amafera pamenepo, miyezi n'kumatha akukangana za ndalama ya umembala popanda ndakatulo ngakhale imodzi yowerengedwa. Aliyense azibwera ndi masamba awiri. Mwini ake awerenge mokweza, osayamba ndi kupepesa kuti sizidakonzedwe bwino, chifukwa tonse tikudziwa kale. Akamaliza akhale chete, anzake anene pomwe adagwidwa mtima ndi pomwe adasokera, iye azingolemba. Za mipumiro ndi kalembedwe ka mawu zizibwera kumapeto, ndipo aphunzitsi a Chichewa, chonde, muzilembe papepala m'malo mozitchula pagulu. Amene wabwera wopanda masamba alandiridwe ndithu, apatsidwe pokhala, koma tsiku limenelo asanene kanthu pa ntchito ya anzake.

Amfumu, ndatenga nthawi yanu yambiri. Ndaona kumbuyoko mikono yayamba kale kukwera, ndiye tiyambe mafunso ndi achinyamatawo.